Timaatomu tobisala m'mipata ya zitsulo: chifukwa chake ndi zimene timachita

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya masana kumbali ya Namwera, ndipo likuti: "Buku limene ndimaphunzitsira limangonena kuti zitsulo za gulu la transition metals zimapanga interstitial compounds chifukwa pakati pa maatomu ake pali mipata. Kenako limatchula kuti zinthu zimenezi n'zolimba kwambiri, zimasungunuka pa moto waukulu zedi, zimalola magetsi kudutsa, ndipo sizidyeka msanga ndi mankhwala. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa ngati zitsulo zinazo zilibe mipata, ndipo ndinasowa chomuyankha. Chonde ndithandizeni kumvetsa."

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funsoli, ndipo mtsikanayo mukamuyamikire, chifukwa waponda pamene bukulo lafooka. Chitsulo chilichonse chili ndi mipata pakati pa maatomu ake, ndipo sodiyamu, potaziyamu ndi kashiyamu zili ndi mipata ikuluikulu kuposa ya ayironi, komabe sizipanga zinthu za mtundu umene mukufunsawu. Choncho nkhani ya mipata ndi theka chabe la yankho, ndipo theka linalo, limene kwa ine ndiye mutu wa nkhani yonse, ndi mmene maelekitironi a zitsulo zimenezi amagwirira kaatomu kamene kalowa mumpatamo. Ndisanapitirire ndinene kuti m'Chichewa mawu akuti chitsulo timawatchulira zinthu zambiri, kotero muno ndikati zitsulo ndikunena mtundu wonsewo, kuphatikizapo kopa, golide ndi titanium, ndikati ayironi ndikunena chitsulo cha chizindikiro cha Fe, ndipo ndikati steel ndikunena ayironi yokhala ndi kaboni pang'ono, imene timasulira makasu ndi nkhwangwa.

Tiyambe ndi mipatayo, ndipo njira yabwino yoionera ili mumsika wa pa boma pa Mangochi, pamene amayi amaunjika malalanje kapena matimati. Mayi amayala malalanje atatu pansi mogundana, n'kuika lachinayi pamwamba pa kadzenje kamene atatuwo asiya pakati. Mkati mwa mulu umenewo mwatsala kampata kozunguliridwa ndi malalanje anayi, ndipo akatswiri amakatcha mpata wa tetrahedral. Mayiyo akati asanjike atatu ena pamwamba pa atatu apansiwo, mowatembenuza kuti lililonse likhale pampata wa awiri apansi, pakati pake pamatsala mpata wokulirapo wozunguliridwa ndi malalanje asanu ndi limodzi, umene umatchedwa wa octahedral. Maatomu a zitsulo zambiri amasanjikizana chimodzimodzi. Ngakhale atapanikizana motani, zinthu zobulungira zofanana kukula sizingadzaze malo oposa 74 peresenti, choncho 26 peresenti imakhala mipata yokhayokha. Pa atomu iliyonse ya chitsulo chosanjikizana motere pamakhala mpata umodzi waukuluwo ndi iwiri yaing'onoyo. Kanthu kobulungira kokwana bwinobwino mumpata waukulu, osakankha oyandikana nako, kamayenera kukhala ndi msinkhu wokwana 0.414 ya msinkhu wa atomu ya chitsulocho, ndipo mumpata waung'ono malire ake ndi 0.225. Kunena mwa malalanje, mumpata waukulu mungalowe kandimu kakang'ono, pamene muung'onowo mungalowe nzama imodzi.

Maatomu aang'ono okwanira kulowa m'malo otere si ambiri. Odziwika ndi anayi: hayidirojeni, boroni, kaboni ndi nayitirojeni. Tikayeza kuchokera pakati pa atomu kufika kumphepete kwake ndi kamuyezo kakang'ono zedi koyezera maatomu kotchedwa picometre, kaboni ili pafupifupi 77, pamene ayironi ili pafupifupi 124, tungsten 139 ndipo titanium 147. Zitsulo zitatu zomalizazi zili m'chigawo chapakati cha Periodic Table, kuyambira gulu 3 mpaka gulu 12, pamodzi ndi vanadium, chromium, manganese, cobalt, nickel, niobium, tantalum ndi zina, ndipo zimenezi ndiye transition metals. Timaatomu tinayi tija tikakhazikika m'mipata ya zitsulo zimenezi, chinthu chimene chapangikacho ndicho interstitial compound, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza mpata wa pakati pa zinthu ziwiri.

Katswiri wina wa ku Sweden, Gunnar Hägg, anafufuza zinthu zimenezi ndi X-ray ndipo cha mu 1931 anapeza lamulo limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Iye anaona kuti msinkhu wa kaatomu kolowako ukagawidwa ndi msinkhu wa atomu ya chitsulo, yankho n'kukhala lochepera 0.59, maatomu a chitsulo amasanjikizana mosavuta ndipo kaatomuko kamakhala m'mipata yake mwadongosolo. Yankho likaposa pamenepo, kasanjidwe kake kamakhala kopotoka ndi kovuta. Mungawerengetse nokha pabolodi: 77 kugawa ndi 147 ndi pafupifupi 0.52, n'chifukwa chake titanium carbide, TiC (carbide ndi chimene chimapangika chitsulo chikagwirana ndi kaboni), ili ndi kasanjidwe kosavuta kofanana ndi ka mchere wathu wa m'ndiwo, pamene 77 kugawa ndi 124 ndi 0.62, n'chifukwa chake carbide ya ayironi, Fe3C, ili ndi kasanjidwe kovuta. Muonenso kuti 0.52 yemweyo ndi wamkulu kuposa 0.414 uja, kutanthauza kuti kaboni salowa mumpata momasuka ngati mwala m'thumba. Amalowa mothina, n'kukankha maatomu a chitsulo omuzungulira, ndipo kuthinako kuli ndi ntchito yaikulu imene tiione posachedwa.

Tsopano tifike pa funso la mtsikana uja. Atomu ya kashiyamu ndi pafupifupi 197 pa muyezo womwe uja ndipo ya sodiyamu ndi 186, kotero nkhani ikanakhala ya malo okha, kaboni akanasankha kukhala mwa izi. Koma taonani chimene chimachitika kashiyamu ikakumana ndi kaboni. Chimene chimatuluka ndi kabayidi, miyala yotuwa ija imene owotcherera ndi gasi amaponya m'chigubu cha madzi. Aliyense amene waimapo pafupi ndi malo otere amakumbukira mmene madziwo amabwatira mwala ukangogweramo, fungo lake loboola m'mphuno, ndi phala loyera limene limatsala pansi. Mpweya umene ukutulukawo ndi acetylene. Kabayidi, CaC2, samalola magetsi kudutsa monga chitsulo, sanyezimira, ndipo madzi wamba amamuphwasula nthawi yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti kashiyamu ili ndi maelekitironi awiri okha akunja ndipo imawagwira mofooka, choncho ikakumana ndi kaboni imangowapereka onse. Ikatero yasiya kukhala chitsulo, yasanduka ion, kutanthauza atomu imene yataya kapena kulandira maelekitironi, ndipo chopangikacho ndi mtundu wa mchere. Sodiyamu imachitanso chimodzimodzi ndi hayidirojeni: imapereka elekitironi yake imodzi, ndipo chopangikacho, NaH, ndi ufa umene umalimbana ndi madzi mwaukali.

Transition metals zimasiyana ndi zimenezi chifukwa cha maelekitironi a m'chigawo chotchedwa d. Chigawo chimenechi chimatha kusunga maelekitironi khumi, koma mu titanium muli awiri okha, mu vanadium atatu, mu ayironi asanu ndi limodzi, kotero muli maelekitironi ogawana ndi mnzako komanso muli malo opanda kanthu olandiriramo a mnzako. Zitsulozi sizitaya maelekitironi ake mosavuta ngati kashiyamu, choncho kaboni akalowa mumpata sapatsidwa onse n'kupita nawo. M'malo mwake maelekitironi a d a maatomu asanu ndi imodzi omuzungulira amalukana ndi maelekitironi akunja a kaboniyo, n'kupanga kugwirana kwamphamvu kwa mtundu wa covalent, ndiko kuti kogawana maelekitironi, kwinaku maelekitironi ena otsala akuyendabe momasuka m'chinthu chonsecho monga amachitira m'chitsulo chilichonse. Izi ndiye zimene ndikufuna kuti muzigwire kuposa zina zonse: mu interstitial compound muli kugwirana kwa mitundu iwiri nthawi imodzi, kwachitsulo ndi kwa covalent, ndipo mikhalidwe yonse imene buku lanu landandalika imachokera pa kukhalira limodzi kwa mitundu iwiriyi.

Umboni wakuti kaatomuko si mlendo wongokhala chete pampando ulipo wokwanira. Titanium yokhayokha imasanjikiza maatomu ake mwanjira ya hexagonal, ya ngodya zisanu ndi imodzi, koma mu TiC maatomu omwewo asamuka n'kusanjikizana mwanjira ya cubic, yonga kabokosi ka mbali zofanana. Tungsten yokhayokha ndi cubic, koma mu tungsten carbide, WC, yasanduka hexagonal. Kanthu kongodzaza dzenje sikangasamutse nyumba yonse chonchi. Umboni wachiwiri uli chakumapeto kwa mzere wa transition metals pa Periodic Table: kopa, siliva ndi golide zili ndi mipata yabwinobwino, koma chigawo chake cha d n'chodzaza kale, ndipo sizipanga ma carbide a mtundu umenewu. Tikamayenda kuchoka kumanzere kwa tebulo kupita kumanja, mphamvu ya kugwiranako imanka icheperachepera, kotero kuti ma carbide a titanium, zirconium, hafnium, vanadium, niobium ndi tantalum ndiwo okhazikika kwambiri, pamene a ayironi, cobalt ndi nickel ndi ofookerapo. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaona kuti dzina lakuti interstitial limasocheretsa ana pang'ono, popeza limawauza pamene kaatomuko kakhala koma osawauza chimene kakuchita pamenepo.

Chinthu chimodzi chimene chimazunguza ophunzira ndi ma formula ake. Azolowera kuti mchere ndi NaCl ndipo madzi ndi H2O, manambala athunthu osasintha, ndiye akaona TiH1.7 (titanium ndi hayidirojeni) kapena VH0.56 (vanadium ndi hayidirojeni) amaganiza kuti osindikiza alakwitsa. Sanalakwitse. Mipando ya m'minibasi yochoka pa Mangochi kupita ku Monkey Bay chiwerengero chake sichisintha, koma okwera amatha kukhala ochepa lero, ochuluka mawa, ndipo minibasiyo imakhalabe yomweyo. Mipata ya m'chitsulo ndi chimodzimodzi: ina imadzazidwa, ina imatsala yopanda kanthu, malinga ndi kutentha komanso kuchuluka kwa kaboni kapena hayidirojeni amene analipo popanga. Titanium carbide imakhalabe ndi kasanjidwe kake komweko kuyambira pamene pafupifupi theka la mipata ikuluikulu ladzazidwa mpaka pamene pafupifupi yonse yadzaza. Chitsanzo chodabwitsa kwambiri ndi chitsulo chotchedwa palladium, imene Thomas Graham wa ku Scotland anaipeza mu 1866 kuti imamwa hayidirojeni. Kachidutswa ka palladium kamatha kumwa mpweya umenewu wochuluka kuwirikiza pafupifupi 900 kukula kwa kachidutswako, ndipo kakatenthedwa kamaubweza. Mabatire ochajidwa a mtundu wa nickel metal hydride amasunga hayidirojeni m'mipata ya zitsulo mwanjira yomweyi.

Kulimba ndiye mkhalidwe umene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi umene anthu akwathu amaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Chitsulo chopanda chosakaniza chimapindika chifukwa mizere ya maatomu ake imatha kutsetsereka umodzi pamwamba pa unzake popanda kulekana. Komatu mzere wonse sutsetsereka nthawi imodzi. Taganizani mkeka waukulu wa mlaza umene wayalidwa pansi ndipo pakhala katundu. Kuukoka wonse kuti usunthe kumafuna mphamvu zambiri, koma mukapanga kakhwinya kumbali imodzi n'kukakankha ndi phazi pang'onopang'ono mpaka katulukire kumbali inayo, mkeka wonse umapezeka wasuntha popanda thukuta. Mkati mwa chitsulo mumayenda timakwinya totere, totchedwa ma dislocation, ndipo ndito timene timachititsa kuti waya wa kopa apindike ndi zala. Tsopano mkeka womwewo muukhomere pansi ndi zikhomo apa ndi apo. Khwinya likafika pachikhomo limaima, ndipo kuti lidutse pafunika mphamvu yaikulu. Kaboni wothina mumpata uja ndiye chikhomo: wapotoza mizere yomuzungulira ndipo wagwira maatomu a mzere wapamwamba ndi wapansi nthawi imodzi. Zikhomo zikachuluka, chinthucho chimauma gwa. Koma mtengo wake ulipo, pakuti chinthu chimene sichingapindike, chikapanikizidwa mopyola muyezo chimangothetheka. Kulimba ndi kuthetheka zimachokera pa gwero limodzi, ndipo ana ayenera kuziphunzira limodzi.

Nkhani ya ayironi ndi kaboni ili ndi chododometsa chimene chimasonyezanso kuti kuchuluka kwa malo opanda kanthu sikokwanira. Ayironi ikakhala yozizira imasanjikizana momasukirapo, maatomu ake n'kudzaza 68 peresenti yokha ya malo. Ikatenthedwa kupitirira madigiri 912 imasintha n'kusanjikizana mothinana mwa malalanje aja, kudzaza 74 peresenti. Munthu angayembekeze kuti yomasukayo ndiyo ilandire kaboni wambiri, koma zoona zake n'zosiyana: yozizirayo, yotchedwa ferrite, siingasunge kaboni woposa pafupifupi 0.02 peresenti ya kulemera kwake, pamene yotenthayo, yotchedwa austenite, imasunga mpaka pafupifupi 2.1 peresenti pa madigiri 1,147. Chifukwa chake n'chakuti mu ferrite malo opanda kanthuwo agawika m'timipata tambirimbiri ting'onoting'ono, pamene mu austenite mipata ndi yochepa koma ikuluikulu. Kaboni akakhalamo, kusintha kuja kwa ferrite kukhala austenite kumayamba msanga, pa madigiri 727.

Luso lonse la wosula lagona pa kusiyana kumeneku. Osula a m'midzi yathu safuna chitsulo chilichonse akafuna kusula nkhwangwa kapena chikwanje. Amasakasaka sipuling'i yakale ya galimoto, chifukwa imakhala ndi kaboni wopitirira pang'ono theka la peresenti imodzi, pamene msomali wamba uli ndi wochepa kwambiri. Ndinakhalapo tsiku lathunthu pachipala cha bambo wina wachikulire kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndikuonerera mdzukulu wawo akupukusa gudumu la njinga loyendetsera mvukuto. Bambowo sankafulumira. Ankatembenuza nkhwangwayo m'makala, n'kumaitulutsa kuti aione pamthunzi osati padzuwa, mpaka kufiira kwake kutafanana paliponse m'mbali yakuthwayo. Kenako anaiviika m'madzi mwachangu, madziwo n'kulira, nthunzi n'kukwera, ndipo ataitulutsa anaipala ndi tupa, tupayo n'kumangoterera osaluma. Chimene chinachitika mkati n'chakuti pa kufiira kuja ayironi inali austenite ndipo kaboni anali atamwazikana m'mipata ikuluikulu. Madzi ataiziziritsa mwadzidzidzi, maatomu a ayironi anabwerera ku kasanjidwe kozizira, koma kaboni sanapeze nthawi yotuluka, choncho anatsekeredwa m'timipata tosamukwana n'kupotoza chilichonse. Chimenechi chimatchedwa martensite, potengera dzina la Adolf Martens wa ku Germany, ndipo n'cholimba koopsa komanso chothetheka ngati galasi. N'chifukwa chake bambo aja sanalekere pomwepo. Anapala mbali yakuthwayo kuti iyere, n'kuiyandikizanso kumoto mofatsa akuyang'anitsitsa mtundu wake, ndipo itayamba kuoneka ngati udzu wouma n'kumapita kofiirira, anaichotsa. Mitundu imeneyi imaoneka pakati pa madigiri 200 ndi 300, ndipo kutentha kochepaku kumalola kaboni wina kutuluka n'kupanga timadontho ta carbide, nkhwangwa n'kutaya kulimba pang'ono kuti isamabenthuke pa mtengo wa tsanya. Zofukulidwa ku Nkope, m'boma lathu lomwe lino la Mangochi, zimasonyeza kuti anthu a m'mbali mwa nyanja ankagwiritsa ntchito ayironi zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo makala a m'ng'anjo zawo ndiwo ankalowetsa kaboni m'chitsulocho.

Apa pali kusiyanitsa kumene mabuku ambiri amakudumpha. Kaboni wochepa akangomwazikana m'mipata mwachisawawa, ayironi n'kusunga kasanjidwe kake, monga mu ferrite ndi austenite, chimenecho ndi chosungunukira cholimba, solid solution, monga shuga m'tiyi koma mouma. Kaboni akachuluka mpaka kupanga kasanjidwe kakekake kokhala ndi dongosolo, pamenepo ndiye pali compound, ndipo mu steel imeneyo ndi Fe3C, yotchedwa cementite, yokhala ndi kaboni pafupifupi 6.7 peresenti. Steel wamba ndi ferrite yofewa yosakanikirana ndi timizere ta cementite yolimba. Kaboni akapitirira 2 peresenti timapeza cast iron, imene imathiridwa bwino m'chikombole koma ikamenyedwa ndi nyundo imasweka m'malo mopindika.

Za kusungunuka sizifuna mawu ambiri, popeza kusungunula chinthu ndiko kumasula maatomu ake, ndipo apa pali zomangira za mitundu iwiri zoti zimasulidwe. Titanium imasungunuka pa madigiri 1,668, koma TiC imafika kupitirira 3,000. Ma carbide a tantalum ndi hafnium amasungunuka pa madigiri pafupifupi 3,900, ndipo ali m'gulu la zinthu zopirira moto kwambiri zimene zikudziwika. Komabe ndikuchenjezeni kuti mawu a m'buku akuti compound imasungunuka pa kutentha koposa chitsulo chake si oona nthawi zonse. Tungsten yokha imasungunuka pa 3,422, pamene WC imagonja isanafike 3,000. Pa mayeso mwana alembe zimene silabasi ikufuna, koma inu aphunzitsi ndi bwino mudziwe pamene lamulolo limathera.

Ngakhale zili choncho, WC ndiye yotchuka pa ntchito kuposa zonse, chifukwa kulimba kwake ndi pafupifupi 9 pa muyezo wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, pamene dayamondi ili pa 10. Henri Moissan wa ku France anapanga ma carbide ambiri m'ng'anjo yake yamagetsi m'zaka za m'ma 1890, koma kuthetheka kwa WC kunalepheretsa kuti igwiritsidwe ntchito kwambiri mpaka mu 1923, pamene Karl Schröter ku Germany anapeza njira yomatira ufa wa WC ndi cobalt. Cobalt ndi yofewerapo, choncho imagwira timiyala tolimbato n'kumalandira kugunda. Kampani ya Krupp inayamba kugulitsa chinthuchi m'zaka zomwezo ndi dzina lakuti Widia, chidule cha mawu a Chijeremani otanthauza ngati dayamondi. Galimoto yokumba mjigo ikadzabwera m'mudzi wapafupi ndi sukulu yanu, mukapemphe kuti ana akaone mutu wa chiboolero chake: timabatani tobulungira totuwa timene tili kumaso kwake ndi WC, ndipo ndito timaswa thanthwe la kumapiri a Namwera. Kamsonga komatidwa pa dirilo yoboolera konkire ndi komweko, ndipo kampira ka kumsonga kwa mabolopeni ambiri nakonso ndi WC. Madirilo ooneka ngati agolide amene amagulitsidwa m'mashopu a hadiweya alibe golide ngakhale pang'ono. Akutidwa ndi titanium nitride, TiN (nitride ndi chitsulo chogwirana ndi nayitirojeni), imene mtundu wake wachibadwa ndi umenewo.

Kunyezimira kwa TiN kukutifikitsa pa magetsi. Popeza maelekitironi ena amatsala akuyenda momasuka, zinthu zimenezi zimanyezimira ndi kulola magetsi ndi kutentha kudutsa monga zitsulo, ndipo apa ndi pamene zimasiyanirana ndi dayamondi, imene ndi yolimba koma siidutsa magetsi chifukwa maelekitironi ake onse akunja ndi omangika. Niobium nitride ikaziziritsidwa kufika pafupifupi madigiri 257 kunsi kwa ziro imadutsa magetsi popanda chotchinga chilichonse. Za kusadyeka ndi mankhwala, n'zoona pa ma carbide ndi ma nitride a kumanzere kwa tebulo, amene madzi ndi maasidi ambiri sawachita kanthu, koma cementite imadyeka ndi asidi wosungunulidwa m'madzi, mogwirizana ndi kufooka kwa kumanja kuja.

Timaatomu timeneti tilinso ndi zoipa zake, ndipo ana amene adzakhale amisiri ayenera kuzimva. Hayidirojeni ndi wamng'ono kwambiri moti amayenda m'mipata ya steel ngakhale itazizira, n'kukasonkhana pamene chitsulo chapanikizika, ndipo pamenepo mng'alu umatha kutuluka patapita maola kapena masiku chiwotcherereni. Gwero lake nthawi zambiri ndi chinyontho, dzimbiri kapena mafuta pa chitsulo chowotchereracho, komanso marodi amene agona pamalo onyowa, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amasunga marodi ake pouma, makamaka kuno kunyanja m'nyengo ya dzinja. Stainless steel nayo, imene imadziteteza ku dzimbiri ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, ikakhalitsa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 450 ndi 850 kaboni amalanda chromiumyo n'kupanga carbide, ndipo m'mphepete mwa powotcherera mumayamba kudyeka. Opanga ena amathiramo titanium pang'ono kuti igwire kaboniyo isanafike pa chromium, kugwiritsa ntchito mfundo ija yakuti kumanzere kwa tebulo ndiko kumagwira kaboni mwamphamvu. Zitsulo zimenezi si zakutali monga ana angaganizire: mchenga wakuda wa ku Makanjira uli ndi ilmenite, mwala umene titanium imachokeramo, ndipo ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium ndi tantalum.

Mtsikana uja mukamuuze kuti anafunsa bwino, kuti zitsulo zonse zili ndi mipata, koma kashiyamu imataya maelekitironi ake n'kupanga mchere, kopa alibe malo otsala m'chigawo cha d oti agwirire mlendo, pamene titanium, tungsten ndi ayironi zimamugwira mlendoyo osasiya kukhala zitsulo. Kenako mumuonetse ndi maso, chifukwa zofunika zake zili pafupi. Mupeze masipoko awiri akale a njinga kwa okonza njinga za kabaza, msomali umodzi woonda, mbaula ya makala oyaka bwino, pulayazi ndi chitini cha madzi. Sipoko yoyamba muitenthe mpaka ifiire ngati khala lamoto, ndipo ngati muli ndi maginito a sipika yakufa muyandikize, muone kuti pa kufiira kumeneko sakuigwiranso, kenako muiviike m'madzi msangamsanga. Yachiwiri muitenthe mofanana koma muikwirire m'phulusa lotentha kuti izizire pang'onopang'ono. Msomali muuchite monga sipoko yoyamba. Zonse zikazizira, yoviikidwa ija idzathyoka ndi kaphokoso mukangoyesa kuipinda pamene panafiira, ya m'phulusa idzapindika mosavuta kuposa mmene inalili poyamba, ndipo msomali udzapindikabe ngakhale unaviikidwa, chifukwa kaboni wake ndi wochepa kwambiri moti sangatseke mizere. Musankhe masipoko ochita dzimbiri, popeza osachita dzimbiri aja ndi a stainless steel ndipo sauma ndi madzi, muyambe mwawapala ndi sandipepala, muchitire panja pamene pali mphepo, ndipo pothyolapo muphimbe ndi kansalu, ana ataima patali, chifukwa tizidutswa take timauluka ndipo tingalowe m'maso.